Dzina la mwini wake linatsalira m'nyimbo: nkhani ya "Rapper's Delight"

Mukamamvera "Rapper's Delight" ya gulu la Sugarhill Gang, woimba woyamba akamaliza vesi yake amaitana mnzake wa mawu amphamvu, Big Bank Hank, kuti alowe. Hank amayamba ndi kudzidziwitsa, monga ankachitira mnyamata aliyense wa ku Bronx, dera la mumzinda wa New York, akangogwira maikolofoni masiku amenewo. Dzina amalitchula chilembo chimodzichimodzi: C, A, S, A, N, O, V, A, kenako F, L, Y. Casanova Fly. Anthu mamiliyoni avina nyimboyi kuyambira 1979 osazindikira kuti woimbayo akutchula dzina la munthu wina. Casanova Fly anali mnyamata wa ku Bronx amene lero amadziwika kuti Grandmaster Caz, ndipo mavesi ambiri a Hank analemba ndi iyeyo. Pa mbale ya nyimboyi dzina lake silinalembedwe, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akunena kuti sanalandirepo ndi senti yomwe.

Nyimbo imeneyi ndi imene inatulutsa rap m'mapaki ndi m'maholo a ku New York n'kuifikitsa pa wailesi za dziko lonse lapansi. Koma inamangidwa ndi zinthu za anthu ena awiri. Kayimbidwe kanali ka gulu la Chic, mavesi ena anali a Caz. A Chic analipidwa pasanapite nthawi. Caz anangotsala kukamwa yasa. Chimene chimandikhudza pa nkhani yonseyi ndi kusiyana kumeneku, chifukwa onse awiri anatengeredwa chawo m'nyimbo imodzi, ndi kampani imodzi, chaka chimodzi.

Hip hop isanakhale ya pa mbale

Kuti mumvetse chifukwa chake a ku Bronx anapsa mtima, muyenera kudziwa chimene hip hop inali isanafike 1979. Sinali nyimbo yogula m'sitolo. Unali msonkhano wa usiku wonse.

Ambiri amawerengera chiyambi chake pa 11 Ogasiti 1973, pamene Cindy Campbell anakonza phwando m'chipinda chochezera cha nyumba yosanja ya pa 1520 Sedgwick Avenue kuti apeze ndalama zogulira zovala za kusukulu. Woimbitsa mbale anali mlongo wake Clive, wobadwira ku Jamaica, amene ankadziwika kuti DJ Kool Herc. Herc anaona kuti ovina amasangalala kwambiri pa kachigawo kochepa ka nyimbo pamene zoimbira zina zonse zimakhala chete n'kutsala ng'oma zokha. Kachigawo kameneko amakatcha break. Ndiye anayamba kugula mbale ziwiri za nyimbo imodzi, n'kuika pa makina awiri: break ikatha pa mbale iyi, amayambitsa yomweyo pa inayo. Masekondi ochepa a ng'oma ankasanduka mphindi zingapo. Grandmaster Flash anadzanola luso limeneli mpaka kusinthako sikunkamvekanso. Pamwamba pa ng'omazo panabwera a MC, anyamata ogwira maikolofoni, amene poyamba ankangoitana anthu kuti avine ndi kutamanda DJ, kenako anayamba kulakatula mavesi awoawo.

Zonsezi zinkachitika m'dera limene boma linalitaya. Msewu waukulu wa Cross Bronx Expressway unali utagawa midzi pakati, mafakitale anali atasamuka, nyumba zinkapsa usiku ndi usiku, ndipo mu 1975 mzinda wa New York unatsala pang'ono kulephereratu kubweza ngongole zake. Anyamata ankalumikiza zokuzira mawu ku mapolo a magetsi a mumsewu n'kuimba pa bwalo. Mbiri ya munthu inkayenda pa makaseti ojambulidwa ku maphwando, amene ankagulitsidwa dzanja ndi dzanja n'kumaimbidwa m'matakisi.

M'dziko limenelo munali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa: usalakatule vesi ya mnzako ngati yako. Kuchita zimenezo ankakutcha biting, ndiye kuti kuluma. Break ya James Brown aliyense ankatha kuiimbitsa, chifukwa onse ankadziwa mwini wake ndipo luso linali pa kagwiritsidwe ntchito. Koma vesi ndiye inali nkhope ya MC. Woluma mavesi ankanyozeka.

Za kujambula rap pa mbale akuluakulu ambiri a chamba chimenechi sankaziganizira n'komwe. Flash wanena kangapo kuti anthu atamufikira ndi maganizo amenewa iye anakana, poona kuti palibe angagule mbale ya chinthu chimene chimatenga maola atatu kapena anayi, komanso chopangidwa ndi mbale za anthu ena.

Mayi amene anaona ndalama pamene ena sanazione

Sylvia Robinson sanali mlendo m'nyimbo. Mu 1956, ali mbali ya awiri otchedwa Mickey & Sylvia, anatulutsa "Love Is Strange" imene inatchuka kwambiri. Mu 1973 anatchukanso ndi "Pillow Talk", nyimbo imene analembera Al Green koma iye anaikana. Ankalemba, ankaimba gitala, ankayang'anira kujambula mu situdiyo, pa nthawi imene akazi ochita ntchito imeneyo anali owerengeka. Iye ndi mwamuna wake Joe Robinson anali ndi kampani ya All Platinum ku Englewood, m'chigawo cha New Jersey, kutsidya kwa mtsinje wa Hudson. Pofika 1979 kampaniyo inali itamira m'ngongole.

Chaka chimenecho Sylvia anapita ku phwando ku kalabu ya Harlem World, kumene anaona DJ Lovebug Starski akulankhula pamwamba pa nyimbo, anthu n'kumamuyankha ngati mpingo ukuyankha mlaliki. Anatuluka atatsimikiza mtima kuti chinthu chimenechi achiika pa mbale. Banjalo linayambitsa kampani yatsopano, Sugar Hill Records, dzina lochokera ku dera lina la Harlem. Ndalama zoyambira zinachokera kwa Morris Levy, mwini wa Roulette Records, munthu amene ankaopedwa m'malonda a nyimbo, ndipo amene khothi linadzamupeza wolakwa mu 1988 pa mlandu wokonza chiwembu cholanda munthu ndalama moopseza. Ndatchula zimenezi kuti muone mtundu wa anthu amene mnyamata wosauka wa ku Bronx akanayenera kulimbana nawo.

Sylvia analibe gulu. Anatuma mwana wake, Joey Robinson Jr., kuti akafufuze anyamata odziwa kulakatula ku Englewood komweko.

Pa sitolo ya pitsa

Henry Jackson, yemwe ndi Big Bank Hank uja, anali munthu wamkulu thupi, wochokera ku Bronx, amene kale ankalondera pakhomo pa kalabu. Sanali MC. Anali manijala wa Caz ndi gulu lake. Anali atabwereka ndalama kwa bambo ake kuti agulire gululo zokuzira mawu, ndipo pofuna kubweza ngongoleyo analowa ntchito pa sitolo ya Crispy Crust Pizza ku Englewood. Akamakanda ufa ankaimbitsa makaseti a Caz n'kumatsatira mavesi, mpaka anawaloweza.

Ndi pamenepo pamene a Robinson anamupeza. Anatuluka ndi epuloni yake ya ufa, n'kulowa m'galimoto ya Joey imene inaima panja, n'kuyamba kulakatula pamwamba pa kaseti. Zimene ankalakatulazo zinali za Caz. Sylvia anakhutira. Madzulo omwewo munalowanso anyamata ena awiri a ku Englewood: Guy O'Brien, wotchedwa Master Gee, amene anali adakali wa msinkhu wa kusekondale, ndi Michael Wright, wotchedwa Wonder Mike. Sylvia analephera kusankha mmodzi, ndiye anawatenga onse atatu n'kuwapatsa dzina la Sugarhill Gang. Atatuwa anali asanaimbirepo limodzi chibadwire.

Pa mphindi imeneyo m'galimotomo, Hank akanatha kunena mawu ochepa chabe: mavesiwa ndi a mnyamata amene ndimamuyang'anira, tiyeni tikamutenge. Ntchito ya manijala ndi imeneyo. Sananene. Ndimamvetsa kuti munthu wa ngongole, wotopa ndi ng'anjo ya pitsa, akauzidwa ndi mayi wotchuka kuti ajambulidwa pa mbale, mutu umazungulira. Koma kumvetsa sikufafaniza chimene chinachitika.

Mphindi khumi ndi zisanu za besi

Nyimbo imene inkamveka paliponse m'chilimwe cha 1979 inali "Good Times" ya gulu la Chic, nyimbo ya chamba cha disco, yolembedwa ndi woimba gitala Nile Rodgers ndi woimba besi Bernard Edwards. Inafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, mu Ogasiti chaka chimenecho, mwezi umodzi chichitikireni chipwirikiti cha ku Comiskey Park ku Chicago pa 12 Julayi, pamene khamu la anthu odana ndi disco linaphulitsa mulu wa mbale pa bwalo la masewero. Disco inkafa pa wailesi, koma a DJ a ku Bronx ndi Harlem anali atagwira kale chigawo cha "Good Times" pamene besi ya Edwards imayenda ndi ng'oma ndi kuwomba m'manja. Panalibe MC amene anali asanalakatulepo pamwamba pake.

Sylvia anasankha yomweyo. Koma sanabweretse DJ mu situdiyo. Makina odula ndi kubwereza kachigawo ka nyimbo, amene anadzafala m'zaka za m'ma 1980, anali asanafike m'manja mwa anthu wamba, choncho anaitana oimba kuti aimbe chigawocho ndi manja awo, mobwerezabwereza, osaphonya. Ngakhale za amene anagwira besi pali kutsutsana. Ena amatchula gulu la Positive Force. Chip Shearin, amene nthawiyo anali ndi zaka 17, amanena kuti anali iyeyo, kuti iye ndi woimba ng'oma anauzidwa kuimba kwa mphindi pafupifupi 15 osaima, thukuta lili kamukamu, ndipo kuti malipiro ake anali madola 70. Yesani kuganizira zala zikubwereza kanjira kamodzimodzi kwa kotala ya ola, mukudziwa kuti mukangophonya kamodzi muyambiranso. Chiyambi cha nyimboyi nachonso chinatengedwa kwina, ku "Here Comes That Sound Again" ya gulu la ku Britain la Love De-Luxe.

Anyamata atatu aja anajambula mavesi awo pafupifupi ulendo umodzi wokha, Sylvia akuloza amene alowe. Nyimbo inatuluka pa 16 Seputembala 1979 pa mbale yaikulu ya mainchesi 12, yotalika mphindi 14 ndi theka. Mawailesi ambiri poyamba anaikana. Jim Gates wa wailesi ya WESL ku East St. Louis ndi amene amatchulidwa kuti anayamba kuiimba, ndipo matelefoni a omvera sanasiye kulira. Kuchokera apo inafalikira ngati moto wolusa m'chilimwe. Inafika pa nambala 36 pa Billboard Hot 100, nyimbo ya rap yoyamba kulowa m'gulu la nyimbo 40 zapamwamba, pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo za soul, pa nambala 3 ku Britain, ndi pa nambala 1 ku Canada ndi ku Netherlands. Inagulidwa mamiliyoni, koma sinalandire chiphaso cha golide chimene bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, limapereka kwa mbale zogulidwa kwambiri, chifukwa Sugar Hill sinkalola kuti a kunja aone mabuku ake a malonda. Mfundo imeneyi muisunge. Kampani imene siifuna kuti wina awerenge mabuku ake, ngakhale pa chinthu chodzetsa ulemu, oimba ake nawonso sangadziwe kuti mbale zagulidwa zingati.

Mlandu woyamba: a Chic amva nyimbo yawo

Rodgers amasimba kuti anali m'kalabu ya Leviticus ku Manhattan pamene anamva besi ya mnzake ikuyamba, kenako mawu a munthu akulakatula pamwamba. Anaganiza kuti ndi DJ amene akulankhula pa maikolofoni, monga anali ataonera kale ku maphwando. Atapita kukayang'ana anapeza DJ ali chilili, akumuuza kuti ndi mbale imene wangogula ku Harlem. Pa mbaleyo panalembedwa mayina anayi: Robinson, Jackson, Wright ndi O'Brien. Rodgers amanenanso kuti anamvamo mavayolini odulidwa kuchokera pa mbale yeniyeni ya Chic.

Apa mpofunika kufotokoza pang'ono za lamulo, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi kayimbidwe, umene umakhala wa olemba ndi kampani yowasungira. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, phokoso lenileni limene lili pa tepi, umene kawirikawiri umakhala wa kampani yotulutsa mbale. Ukadula chidutswa cha mbale ya wina n'kuchiika m'nyimbo yako, zimene amazitcha sampling, wakhudza umwini wonse uwiri. Ukaitana oimba ako kuti aimbenso chigawocho, wachiwiri uja wauzemba, koma woyamba ukadali pomwepo. Besi ya "Good Times" inali yopeka Edwards ndi Rodgers, ngakhale zala zimene zinaiimba ku Englewood zinali za wina.

Rodgers ndi Edwards anali ndi maloya, anali ndi kampani yaikulu ya Atlantic kumbuyo kwawo, ndipo nyimbo yawo inali yolembetsedwa. Anaopseza kuti apita kukhothi, a Sugar Hill anagonja nkhani isanafike kwa woweruza, ndipo mayina awo anawonjezedwa monga olemba. Kuyambira pamenepo, "Rapper's Delight" ikagulidwa kapena kuimbidwa pa wailesi, gawo limapita kwa iwo. Edwards anamwalira ku Tokyo mu 1996. Rodgers pambuyo pake ananena poyera kuti nyimbo imene inamukwiyitsa ija inasanduka imodzi mwa zimene amazikonda kwambiri. N'zosavuta kukhululuka pamene walipidwa, ndipo sindikunena zimenezi monyoza: ndi momwe nkhani yotere iyenera kuthera.

Popeza mlanduwu unathera panja pa khothi, sunakhazikitse lamulo lililonse. Kwa zaka zoposa khumi zotsatira opanga rap ambiri anadula zidutswa za mbale mmene anafunira, mpaka mu 1991 pamene Gilbert O'Sullivan anasumira Biz Markie chifukwa chotenga chigawo cha "Alone Again (Naturally)". Woweruza Kevin Thomas Duffy anayamba chigamulo chake ndi lamulo la m'Baibulo lakuti usabe. Kuchokera pamenepo makampani anayamba kupempha chilolezo ndi kulipira chidutswa chilichonse nyimbo isanatuluke.

Mlandu wachiwiri: kope la Caz

Caz anali ndi zaka 19 pamene zimenezi zinkachitika. Ku Bronx ankalemekezedwa chifukwa ankatha kuimbitsa mbale ndi kulakatula nthawi imodzi, komanso chifukwa cha kalembedwe. Mavesi ake ankawalemba bwinobwino m'makope a kusukulu, ndipo ambiri anali nthano zokhala ndi chiyambi ndi mathero, pa nthawi imene anzake ambiri ankangodzitama mzere ndi mzere.

Mmene iye amasimbira, Hank anabwera kudzamuuza kuti anthu ena a ku New Jersey akufuna kumujambula, ndipo akufuna mavesi. Caz anadabwa kuti bwanji asankha manijala m'malo mwa MC, koma sanakanize. Anaponya kope patsogolo pake n'kumuuza kuti atenge zimene akufuna. Analingalira kuti mnzakeyo akalowa, adzatsegulira gulu lonse khomo. Sanalembe pangano. Sanafunse ndalama. Sanadziwe n'komwe kuti vesi ndi katundu amene munthu angadye naye moyo wake wonse. Panalibe aliyense m'dera lake amene anali atapezapo ndalama mwa njira imeneyo, ndiye akanadziwira kuti?

Umboni uli m'nyimbo momwemo. Kuwonjezera pa dzina lija, Hank amatchula msinkhu wa mafiti 6 ndi inchi imodzi, umene Caz amati ndi wake. Nthano yotchuka ija, ya mnyamata amene akunyengerera chibwenzi cha Superman kuti amusiye ngwaziyo, inali vesi imene anthu a ku Bronx anali ataimva kale pakamwa pa Caz. Choncho nyimbo itayamba kumveka m'galimoto iliyonse, anthu ankamuimitsa pamsewu kumuyamikira, poganiza kuti walemera. Ena amene sankamudziwa, akamumva akulakatula mavesi akewo pa phwando, ankati akuluma Sugarhill Gang. Pa zonse zimene zinamuchitikira, ichi n'chimene chimandipweteka kwambiri: mwini vesi kutchedwa wakuba pa vesi yake, m'dera limene kuluma kunali manyazi aakulu. Anachita kuwasiya mavesiwo.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo linali kumbali yake. Lamulo la umwini la ku America la 1976, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1978, limati chinthu chikangolembedwa pa pepala kapena kujambulidwa pa tepi, umwini wayamba pomwepo. Kope lija linali lokwanira. Kupatsa mnzako kope sikusamutsa umwini, chifukwa kusamutsa umwini kumafuna chikalata chosainidwa. Koma lamulo lomwelo limapereka zaka zitatu zokha kuti munthu akasume. Kwathu timati mlandu suola, koma m'makhothi a ku America mlandu wotere umaola ndithu. Mnyamata wopanda loya, wopanda ndalama, amene sanauzidwe kuti ali ndi ufulu, zaka zitatu zinamudutsa ali pa siteji. Analowa gulu la Cold Crush Brothers, limene linali pakati pa magulu oopsa kwambiri pa mipikisano ya ku New York, anaoneka mu filimu ya Wild Style, koma mbale yogulidwa mamiliyoni sanaipeze. Mu 2000 anatulutsa nyimbo yotchedwa "MC Delight" yofotokoza mbali yake. Chaka chotsatira Jay-Z, m'nyimbo ya "Izzo (H.O.V.A.)", ananena kuti amalipiritsa makampani mokwera pobwezera zimene anachitira a Cold Crush. Dzina la gululo linali litasanduka chizindikiro cha onse amene anadyeredwa masuku pamutu.

Anthu amakonda kuunjika mlandu wonse pa Hank, amene anamwalira ndi khansa mu Novembala 2014. Ine ndimaona kuti iye analakwira mnzake, koma mphamvu yokonza zinthu sinali m'manja mwake. Amene ankasankha mayina olembedwa pa mbale ndi kampani. Kampaniyo inasonyeza kuti imatha kuwonjezera mayina, chifukwa inawonjezera awiri itaopsezedwa. Nkhani ya Casanova Fly inali yodziwika ku New York konse, ndipo posakhalitsa Sugar Hill inalemba ntchito magulu enieni a ku Bronx amene ankamudziwa Caz bwino lomwe. Dzina lake silinawonjezedwe chifukwa panalibe chowaopsa.

Kodi inali yoyamba, ndipo kodi inali yeniyeni?

Pali mkangano wina waung'ono. "Rapper's Delight" si mbale yoyamba yokhala ndi rap ya mtundu umenewu. Gulu la Fatback Band linali litatulutsa kale "King Tim III (Personality Jock)" chaka chomwecho, koma inali kuseri kwa mbale ya nyimbo ina ndipo sinapite patali. Ngakhale mawu oti hip hop, amene Wonder Mike amayambira nyimbo, anali mawu oseweretsa lilime amene ankamveka kale m'maphwando, ndipo amene amatchulidwa kuti anawayambitsa ndi Keith Cowboy wa gulu la Flash ndi Lovebug Starski yemwe uja.

Mkangano waukulu ndi wa ulemu. A ku Bronx anamva mbaleyo n'kufunsana kuti anthu amenewa ndi ndani. Anali asanawaonepo pa bwalo lililonse, asanapikisanepo ndi aliyense. Iwo anali atanyamula zokuzira mawu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu a tsidya lina la mtsinje ndi amene anakolola. Komanso nyimboyi inatembenuza chinthu china mpaka kalekale. Ku Bronx mfumu anali DJ, ndipo a MC anali omuthandiza: n'chifukwa chake magulu ankatchedwa ndi dzina la DJ poyamba. Pa "Rapper's Delight" panalibe DJ ndi mmodzi yemwe. Dziko linaphunzira kuti hip hop ndi munthu wogwira maikolofoni, ndipo ndalama zinatsatira maikolofoniyo.

Komabe sindigwirizana ndi amene amati nyimboyi ndi yachabechabe. Mverani vesi ya Wonder Mike ya mlendo amene waitanidwa kukadya kwa mnzake, chakudya n'kukhala chosakoma, mayi wa pakhomo akumuwonjezerabe, iye akusowa ponamizira. Imeneyo inali yake, ndipo aliyense amene anakhalapo mlendo amaimva mumtima. Master Gee naye analemba zake. Ndipo Sylvia anachita chinthu chimene akatswiri a chambacho anati n'chosatheka: anatenga usiku wonse n'kuupinda kuti ukwane pa mbale, anakana kuidula kuti ifanane ndi nyimbo zina, anasankha mawu omveka bwino amene munthu wa ku Toronto kapena Amsterdam akanatha kuwatsatira. Anaona patali kuposa onse. Patangopita miyezi yochepa kampani yaikulu ya Mercury inatulutsa mbale ya Kurtis Blow, ndipo Flash amene anakana uja analowa yekha mu situdiyo. Sylvia anamwalira mu Seputembala 2011, ndipo mu 2022 analandiridwa mu Rock and Roll Hall of Fame. Ulemu umenewo ndi womuyenera, monganso dandaulo la Caz lili loona.

Amene analembedwa mayina nawonso analira

Zimene zinachitikira Caz sizinali ngozi ya tsiku limodzi. Mu 1982 Sugar Hill inatulutsa "The Message" m'dzina la Grandmaster Flash and the Furious Five, koma pa gulu lonselo amene analakatula mavesi ake anali Melle Mel yekha, pamodzi ndi Ed Fletcher, wotchedwa Duke Bootee, woimba wa mu situdiyo amene analemba mbali yaikulu. Flash anadzasumira kampaniyo pa nkhani ya ndalama, ndipo gulu linagawanika. Sugar Hill inatseka chapakati pa zaka za m'ma 1980, nyimbo zake zinagulitsidwa ku Rhino Records mu 1995, ndipo situdiyo ya ku Englewood inapsa mu 2002.

Wonder Mike ndi Master Gee, amene mayina awo anali pa mbale kuyambira tsiku loyamba, anatha zaka zambiri akulimbana ndi banja la Robinson pa za malipiro komanso pa ufulu wogwiritsa ntchito dzina la gulu ndi mayina awo a pa siteji. Kwa nthawi ndithu Joey Robinson Jr. ankayenda ndi gululo akuimba m'malo mwa Master Gee. Nkhani yawo inajambulidwa mu filimu ya 2011 yotchedwa I Want My Name Back. "Rapper's Delight" yokhayo inapitirira kukwera: inalowa m'kaundula wa nyimbo zosungidwa ndi Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inalowa mu Grammy Hall of Fame mu 2014, ndipo ngakhale kolasi ya "Aserejé" ya Las Ketchup, imene inavinidwa dziko lonse mu 2002, ndi chiyambi cha Wonder Mike chotchulidwa mopotoza m'kamwa mwa munthu wolankhula Chisipanishi.

Caz sanasiye kulemba. Mu filimu ya Ice-T ya 2012 yonena za luso la rap amaoneka atakhala pansi ndi cholembera ndi kope, akupeka vesi yatsopano kamera ikuona, zilembo zake zili zowongoka ngati za mphunzitsi. Kwa zaka zambiri wagwira ntchito yoperekeza alendo pa basi ya Hush Tours, kuwaonetsa Harlem ndi Bronx, kuphatikizapo nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue, n'kumawafotokozera yekha nkhani ya kope lija. Mu 2015 Macklemore ndi Ryan Lewis anamuitana, pamodzi ndi Melle Mel ndi Kool Moe Dee, kuti adzaimbe nawo "Downtown", imene inalowa m'gulu la nyimbo 20 zapamwamba ku America. Panali patapita zaka 36 chitulukireni "Rapper's Delight", ndipo ulendo uno pa nyimboyo panalembedwa kuti Grandmaster Caz.